Njovu Yoyera ya Alamu Anga

Chaka chimene tinavotera matipate chisanathe, amuna ambiri a kwathu anali atagwidwa ndi matenda ofuna uphungu, ndipo alamu anga anali m'gulu la oyamba kudwala. Alamuwa ndi amuna awo a achemwali anga, amene ine ndinawaponda pamutu. Anali ndi chigayo cha dizilo pafupi ndi msika wa Mitundu, zigafa zisanu za fodya wa bale, ndi mabanja angapo a matenanti ochokera ku Mulanje ndi ku Phalombe. Pikapu yawo yobiriwira inkadziwika kuchokera ku Malingunde mpaka ku Nathenje, kumene ine ndinkaphunzitsa sitandade 8. Sukulu analekeza msanga, koma mutu wawo unkagwira. Ankatha kuyang'ana tsamba la fodya ali patali nkukuuzani giredi yake, ndipo injini ya chigayo ikangotsokomola ankadziwa chimene chavuta asanaitsegule.

Amene anawaononga ndi akuluakulu a chipani china chatsopano. Kwathu kuno chipani chakale chinali chitazika mizu, moti zipani zatsopano zinkangotola aliyense wokhala ndi galimoto. Anabwera atatu, atavala masuti pa dzuwa la Novembala, anadya nkhuku ziwiri za achemwali, nkuuza alamu kuti dera lonse likulira dzina lawo. Ine ndinalipo tsiku limenelo, ndipo ndinaona kumene maso awo ankapita. Ankayang'ana pikapu. Alamu okha ndi amene ankaganiza kuti anthuwo abwerera nzeru zawo.

Chopinga chinali chimodzi. Ku nyumba ya malamulo, imene nthawi imeneyo inali ku Zomba, ankalankhula Chingerezi chokhachokha, ndipo munthu wopanda mapepala a kusekondale ankayenera kukayesedwa kaye Chingerezicho asanaloledwe kuima nawo pachisankho. Achemwali anakwera matola kubwera ku Nathenje kudzandipempha.

"Iwe ndiwe mphunzitsi," anatero. "Usawalekerere alamu akowa akachite manyazi pamaso pa anthu. Uzibwera Loweruka lililonse."

Loweruka lotsatira ndinapita nditanyamula mabuku awiri owerengera a sitandade 5 ndi nyuzipepala zakale. Maganizo anga anali oti tiyambe ndi kuwerenga mokweza, kenako tizifunsana timafunso ta tsiku ndi tsiku: mwadzuka bwanji, mwayenda bwanji, chaka chino mvula ikugwa motani. Alamu anatsegula buku limodzi nkupeza chithunzi cha mwana akukoka mbuzi. Analitseka pang'onopang'ono nkulikankhira kwa ine.

"Mlamu, ine ndikupita ku Zomba. Mbuzi ndili nazo kale kukhola."

Pamenepo mpamene anandionetsa mphunzitsi amene anali atadzipezera okha. Pa Mitundu ponse ankangowatchula kuti Apulofesa. Anali bambo wowonda, wa imvi za m'mbali, wovala jekete lakuda limene linali litayamba kubiriwira m'mapewa, ndi tayi ngakhale kutenthe bwanji. Ntchito yawo inali kukhala pakhonde la positi ofesi nkumalembera anthu makalata ofunsira ntchito. Ankati anakhala zaka zambiri ku Halale akugwira ntchito ndi azungu. Ntchitoyo sankaitchula, koma bambo wina amene anali nawo kumeneko anandiuza kuti ankaperekera zakudya m'hotela. Kuperekera zakudya si mlandu. Chimene chinkandinyansa ine nchakuti timawu timene anatola pakati pa matebulo ankatigwiritsa ntchito ngati mankhwala oopsezera anthu osaphunzira.

Anandipatsa moni ndi nsonga za zala.

"Madamu," anatero, "Chingerezi chimene mumaphunzitsa inu ndi phala la ana. Mzungu weniweni salankhula molunjika. Akafuna kunena kuti munthu wamwalira, sanganene kuti wamwalira ngati mmene anganenere wa sitandade 2. Amati 'kick the bucket'. Wamenya chidebe ndi mwendo. Olemekezeka akakangoponya mawu amenewa pamayeso, oyesawo adzaimirira."

Alamu anali asanapeze ngakhale voti imodzi, koma kwa Apulofesa anali kale Olemekezeka, ndipo dzinalo likatchulidwa ankakhala tsonga ngati awabaya ndi singano.

Maphunziro ankachitikira m'chigafa, chifukwa inali nyengo ya dzinja ndipo m'nyumba malata ankasokosa. Ankaika mipando iwiri ya ndalema pakati, fodya akulendewera pamwamba pawo, ndipo cha kumapeto azimayi a matenanti ankakhala pansi akusoka masamba. Ine ankandipatsa mpando wachitatu pafupi ndi mzati, poti achemwali anaumirira kuti ndizikhalapo. Apulofesa ankatulutsa m'thumba la jekete kabuku kopanda chikuto, kakuda ndi thukuta, nkukagwira pafupi ndi chifuwa kuti wina asasuzumire. Ankawerenga mawu amodzi, alamu nkubwereza kakhumi, kenako ankafotokoza kumene mawuwo anachokera. Gawo limeneli ndi limene ankalikonda koposa, ndipo ankalinena atatsinzina ngati mlaliki.

"Ku Mangalande," anatero tsiku loyamba lija, "munthu akadwala mwakayakaya amamuikira chidebe cha madzi kumiyendo. Achibale amakhala panja. Akangomva chidebe chagubuduka, basi amadziwa kuti wapita, nkuyamba kulira. Ine ndinaziona ndi maso angawa."

Ku Mangalande sanapondeko. Ine ndinalephera kupirira.

"Pepani Apulofesa," ndinatero, "kukoleji anatiuza kuti palibe amene akudziwa bwinobwino kumene mawu amenewo anachokera. Ena amati panali mtanda umene ankapachikapo nkhumba pozipha, ndipo dzina la mtandawo linkamveka ngati la chidebe. Komanso si mawu aulemu. Simunganene choncho pamaliro."

Apulofesa anatsegula diso limodzi.

"Nkhumba? Olemekezeka, mwamva? Madamu akuyerekeza azungu ndi nkhumba."

Alamu anaseka mpaka kudzimenya pantchafu. Ndinkadzifunsa chimene chinali chodabwitsa pamenepa. Ifenso timati munthu watsamira mkono, timati watisiya, ndipo palibe amene amavala tayi kuti afotokoze zimenezo. Koma poti zinali za m'Chingerezi, alamu anga, munthu wolemba anthu ntchito, ankayasama ngati mwanapiye.

Loweruka lina mvula inagwa yamphamvu, madzi nkumayenda m'ngalande za chigafa. Apulofesa anakondwa chifukwa phunziro la tsikulo linali litadzibweretsa lokha. Anati mzungu akaona mvula yotere amati kukugwa amphaka ndi agalu, ndipo chifukwa chake nchakuti kale kumeneko amphaka ndi agalu ankagona pamadenga a udzu, ndiye mvula ikakula ankaterereka nkumagwera pansi. Mayi wina wa ku Mulanje, mmodzi wa osoka fodya aja, anaimitsa singano yake.

"Bambo, nanga agaluwo amakwera bwanji padenga?"

Azimayi anzake anabisa nkhope m'zitenje. Apulofesa sanaphethire nkomwe.

"Agalu a azungu ndi ophunzira, mayi."

Alamu anagwedeza mutu kuvomereza, nkumuuza mayi uja kuti aziyang'ana ntchito yake. Ine ndinaonjezapo kuti funso la mayiwo linali lanzeru kuposa yankho lake, ndiponso kuti pamayeso sakafunsa za agalu, akawapatsa chowerenga. Pamenepo alamu anatembenuka. Sanakalipe. Analankhula mofatsa, mmene amalankhulira kwa munthu wobwera kudzagayitsa chimanga chonyowa.

"Mlamu, inu mumaphunzitsa ana a mamina. Awa anadya ndi azungu patebulo limodzi. Bwanji mukathandize achemwali anu kukhitchini? Alendo akufuna tiyi."

Ndinadzuka pamaso pa azimayi onse aja nkupita kukhitchini. Zaka ziwiri ndinakhala kukoleji ya aphunzitsi, ana anga ankakhoza Chingerezi chaka ndi chaka, ndipo ndinapita kukawiritsa tiyi wa munthu amene ankati agalu amakwera madenga. Achemwali anandiona nkhope nkunena kuti ndisazitengere, amuna ndi choncho. Ndinawauza kuti sindinakwiye. Ndinanama.

Ndikubweretsa tiyiyo ndinapeza amuna awiriwo atapita kukaona lamba wa chigayo amene anaduka. Kabuku kaja kanali pampando. Ndinakatola. Kanali kabuku ka zining'a za Chingerezi, kosanjidwa motsata zilembo, ngati timene tinkagulitsidwa m'masitolo a mabuku kalekale. Matanthauzo analimo, achidule, koma za chidebe cha odwala ndi agalu ophunzira munalibe. Chimene chinandiseketsa chinali kumapeto. Kabukuko kankathera pa chilembo T. Masamba otsatira anali atang'ambidwa bwinobwino m'tizidutswa tofanana, ndipo nditayang'ana pansi pa mpando ndinaona zotsalira za ndudu zopichira pamanja, zina zikuonekabe zilembo. Apulofesa anali atasuta Chingerezi chonse kuyambira pa U mpaka pa Z.

Ndinakabwezera pamalo pake osauza munthu.

Chakumapeto kwa dzinja kunabwera uthenga woti mkulu wa chipani m'chigawo chonse chapakati adzachititsa msonkhano ku Nathenje, ndipo alamu ndi amene adzamulandire. Mkuluyu anali mmodzi wa anthu amene anathawira kunja nthawi ya chipani chimodzi, nkubwerera zinthu zitasintha. Ankati anakhala zaka zambiri ku Ulaya ndi ku Amereka. Apulofesa anagamula kuti munthu wotere sangalandiridwe m'Chichewa, ndipo analemba mawu a tsamba limodzi ndi theka oti alamu aloweze, iwo nkumamasulira anthu.

Loweruka lomaliza msonkhano usanachitike alamu anayeserera m'chigafa, ataima pa belo la fodya. Ine ndinali pakhomo, nditanyamula thireyi, poti imeneyo ndiyo inali itasanduka ntchito yanga. Mawuwo anali odzaza ndi zining'a moti panalibe poponda. Munali za kukwirira nkhwangwa, kutanthauza kuleka udani, ndipo pamenepo kabuku kanawathandiza, sanalakwitse. Kenako alamu anatambasula dzanja kuloza kumene mlendo adzakhale, nkunena mokweza kuti iye ndi "white elephant" wathu.

Thireyi inatsala pang'ono kundipulumuka.

"Njovu yoyera," anafotokoza Apulofesa atatsinzina. "Njovu zonse ndi zakuda, koma pa njovu chikwi pamabadwa imodzi yoyera. Imeneyo ndi mfumu ya njovu zonse. Mzungu akakutchula choncho, ndiye kuti wakuika pamwamba penipeni. Palibe ulemu woposa pamenepo."

Mawu amenewa ali pa chilembo W, ndipo W anali atapita kale ndi utsi. Apulofesa anangowamvapo m'hotela muja, tanthauzo nkudzipangira. Ine ndinkawadziwa bwino, chifukwa mphunzitsi wathu wa kukoleji ankakonda nkhani yake. Ankati kudziko lina la ku Asia njovu yoyera inali yopatulika, yosaloledwa kugwira ntchito. Anthu amasimba kuti mfumu ikadana ndi nduna yake inkamupatsa njovu yotere ngati mphatso. Ndunayo sikanatha kuikana, kuigulitsa kapena kuipha, ndiye inkangoidyetsa mpaka chuma chake chonse kutha. Choncho m'Chingerezi njovu yoyera ndi chinthu chachikulu, chodya zambiri, chopanda phindu lililonse.

Ndinatsegula pakamwa. Alamu anandiona nkukodola ndi chala kuti ndiike tiyi pansi, osandiyang'ana nkomwe kumaso. Ndinatseka pakamwa panga. Nditabwerera kukhitchini achemwali anandifunsa ali ndi nkhawa.

"Wawamva? Zili bwino?"

"Apulofesa akudziwa zimene akuchita," ndinayankha.

Msonkhano unachitikira pabwalo la mpira, pafupi ndi msewu waukulu wopita ku Dedza. Pikapu ya alamu inayenda maulendo asanu kututa anthu ku Mitundu, kuphatikizapo matenanti onse, amene anauzidwa kuti tsiku limenelo fodya adikire. Ambiri amene anasonkhana sanali a chipanicho. Anabwera kudzaona munthu wochokera kunja, ena kudzaona ngati kugawidwe nsalu. Ogulitsa nzimbe ndi chimanga chootcha anazungulira bwalo, ndipo kumbuyo kunaima gulu la ana a kusekondale atavala yunifolomu. Ine ndinaima cha pambali ndi aphunzitsi anzanga. Achemwali anakhala kutsogolo, atavala chilundu chatsopano ndi duku lofanana nacho, manja ali pamiyendo.

Mlendoyo anafika mochedwa ndi maola atatu. Atatsika m'galimoto ndinamuyang'anitsitsa. Anali chimunthu chachikulu, chamimba yotsogola, ndiponso woyera khungu kwambiri. Pokwera pansanja matabwa analira.

Alamu anaima atavala suti imene anakwatira nayo, mabatani akukoka. Ndinene zoona, analoweza bwino. Sanaphonye liwu ngakhale limodzi. Ankanena chiganizo, Apulofesa nkumasulira pa chimkuzamawu, azimayi nkuimba nthungululu. Atafika pamalo paja anatambasula dzanja monga anayeserera, nkuloza mlendo.

"Awa waiti elefanti!"

"Njovu yathu yoyera!" anafuula Apulofesa. "Mfumu ya njovu zonse!"

Anthu anaomba m'manja. Koma pansanja panalibe amene anaomba. Mayi wina wa mumzinda amene anabwera ndi mlendoyo anatulutsa kansalu nkutseka pakamwa, mapewa akugwedezeka. Kumbuyo kuja mwana mmodzi wa kusekondale anaphulika kuseka, anzake nkumutsatira. Alamu anamva kusekako nkuganiza kuti ndi chimwemwe, moti anabwereza mawuwo kachiwiri, mokweza kuposa poyamba.

Mlendo uja anali wandale weniweni. Akanatha kungozisiya, ndipo anthu ambiri akanabwerera kwawo osadziwa kanthu. Koma anaona mwayi woseketsa khamu limene silinali lake, ndipo anautenga. Anaimirira, nkulandira chimkuzamawu, nkulankhula m'Chichewa chosalala.

"Abale anga a ku Nathenje, ine ndatukwanidwapo m'mayiko ambiri. Ananditcha chigawenga, ananditcha woukira. Koma lero ndi koyamba kulandiridwa ndi munthu wa chipani changa chomwe pondiuza kuti ndine njovu yoyera. Kodi mukudziwa tanthauzo lake pa Chingerezi? Ndi chinthu chachikulu, chimene chimangodya, chimangodya, koma ntchito osagwira!"

Anadzisisita pamimba. Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Bambo wina wogulitsa makala, amene anali atatsamira njinga yake, anakuwa kuti, "Sananame!" ndipo kuseka kunayambiranso. Mlendoyo anaseka nawo, ngakhale kuti maso ake sanaseke.

Ine ndinkayang'ana alamu. Poyamba ankamwetulira nawo, akuyang'ana uku ndi uku. Kenako kumwetulirako kunauma pankhope pawo. Anatembenukira kumene kunali Apulofesa, koma Apulofesa anali atayamba kufufuza chinachake m'matumba a jekete. Alamu anakhala pansi pang'onopang'ono, nkuvula chipewa, nkuchiika pabondo. Achemwali anali atawerama, akuyang'ana zala zawo. Matenanti, amene ankadziwa kuti mawa ali m'munda wa munthu yemweyo, ankaluma milomo.

Ndinkayembekeza kuti ndikondwa. Kwa kanthawi kochepa ndinakondwadi, sindingabise. Mnzanga wina wophunzitsa sitandade 6 anandigwira mkono akupukuta misozi ya kuseka, nkundifunsa ngati amenewo si alamu anga aja. Ndinati ndi omwewo. Anandifunsa kuti bwanji sindinawathandize. Ndinati sanandifunse.

Dzina lija silinamamatire kwa mlendo. Iye anakwera galimoto yake nkubwerera mumzinda. Linatsalira alamu. Sabata isanathe, pamsika wa Mitundu anthu ankati akukagayitsa kwa Njovu Yoyera, ndipo pikapu ikamadutsa ana ankaika mkono pamphuno nkumaugwedeza ngati chitamba. Apulofesa anasowa masiku anayi, nkutulukira ndi yankho lokonzeka. Anati mlendoyo anaphunzira ku Amereka, ndipo Chingerezi cha ku Amereka nchosokonekera, mawu ambiri anawatembenuza. Cha ku Mangalande chenicheni, chimene anaphunzitsa iwo, chinali cholondola. Mukhulupirire kapena ayi, alamu anawalolanso kulowa m'chigafa.

Kumayeso alamu anapitabe. Ananyamuka m'mawa ndi suti yomwe ija, nkubwerako dzuwa likupendeka. Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva kwa achemwali patapita nthawi. Oyesa anali atatu. Anawafunsa kuti ayenda bwanji kuchokera kumudzi, ndipo alamu anayankha za amphaka ndi agalu, kunja kuli dzuwa. Kenako anawapatsa kachidutswa ka nyuzipepala konena za feteleza kuti awerenge mokweza nkufotokoza m'mawu awoawo. Nkhani ya feteleza alamu ankaidziwa kuposa anthu atatuwo kuwaphatikiza pamodzi. Akanawafunsa m'Chichewa akanawaphunzitsa mpaka madzulo. Koma anakakamira pa mzere wachiwiri, chala chili papepala, thukuta likutsika. Mmodzi wa oyesawo anawathokoza chifukwa chobwera. Chipani chinaika munthu wina, kalaliki wopuma ntchito wa mumzinda amene sankadziwa ngakhale njira ya ku Dzalanyama. Pikapu yokha ndi imene anaisungabe pa kampeni.

Achemwali anabwera ku Nathenje Lachitatu lina masana, ana atangoweruka. Anandipeza m'kalasi ndikufufuta bolodi. Sanakhale pansi, ndipo moni wanga sanayankhe.

"Ndakumana ndi mnzako uja wa sitandade 6 pamatola," anatero. "Akuti mawu aja aliyense wopita kukoleji amawadziwa. Iwe unkawadziwa?"

Ndikanatha kunama. Ndinayang'ana chofufutira chili m'manja mwanga.

"Ndinkawadziwa."

"Tsiku lija ndinakufunsa kukhitchini."

"Munandifunsa, achemwali. Koma inunso munaona mmene ananditumira tiyi pamaso pa matenanti. Ndikanawauza akanandimvera?"

"Akanakana, inde. Koma ukanandiuza ine. Ine ndikanadziwa chochita. Zaka makumi awiri ndakhala nawo, ukuganiza kuti sindidziwa powagwira?" Anakonza duku lawo. "Iwe unkafuna kuti aone kuti ndiwe wophunzira. Aona. Dera lonse laona. Ine ndi amene ndimapita kumjigo."

Anatuluka. Ndinawatsatira mpaka pamsewu ndikuwapempha kuti adye kaye, koma anakwera galimoto yoyamba imene inaima.

Chisankho chinachitika m'mwezi wa Meyi. Kwathu kuno anapambana wa chipani chakale, monga aliyense wamaso ankadziwira kuyambira pachiyambi, ndipo kalaliki uja anabwerera mumzinda osatsanzika. Pikapu inabwezedwa ikukokedwa ndi thirakitala, giyabokosi itatha. Alamu anaikonza okha, atagona pansi pake masabata awiri, ndipo za ndale sanazitchulenso. Fodya wa chaka chimenecho anatuluka woipa, chifukwa nthawi yothyola ndi yosankha mwini wake anali kalikiliki kuloweza za zidebe.

Ine ku Mitundu sindinapondeko miyezi isanu. Ndinalemba kalata yopepesa, yoyamba ndinaing'amba chifukwa nditaiwerenga ndinapeza kuti theka lake ndikudziikira kumbuyo. Yachiwiri inali ya mizere inayi. Yankho silinabwere. Mu Okutobala, kukutentha, ndinangoona achemwali akutsika matola atasenza thumba la mtedza. Anakhala pamkeka, tinakamba za matenda a mayi athu aang'ono, za denga la tchalitchi, za mtengo wa mchere. Za msonkhano sanatchule, inenso sindinayerekeze. Ponyamuka anati Loweruka kuli chinkhoswe cha mwana wa mlongo wawo wa alamu, ndipo akufuna munthu wothandiza kuphika. Ndinapita. Alamu anandipatsa moni ngati tinaonana dzulo.

Apulofesa ndi amene matipate anawakomera. Nthawi imeneyo sukulu zapulaiveti zinayamba kumera paliponse, aliyense wokhala ndi chipinda ndi choko ankatsegula yake. Iwo anapeza golosale yakale pa Nathenje, pafupi ndi pokwerera basi, anaipaka laimu, nkulemba pakhoma kuti ndi sukulu ya sekondale yophunzitsa Chingerezi cha ku Mangalande. Mabenchi anali a matabwa osapala. Makolo a ana amene sanasankhidwe kupita ku sekondale za boma anakhamukirako, ena a iwo ana anga omwe a sitandade 8. M'mawa uliwonse popita kuntchito ndinkadutsa pamenepo nkumamva ana makumi asanu akubwereza pamodzi mawu amene sankawamva, Apulofesa ali pakhomo ndi kandodo, jekete latsopano lili pathupi. Ankandivulira chipewa.

Chaka chotsatira mwana wotsiriza wa achemwali, mtsikana wanzeru bwino, sanasankhidwe. Alamu anati apita kwa Apulofesa. Ulendo uno ndinalankhula. Ndinakwera matola Lamlungu, ndinawapeza onse awiri pakhonde, ndipo ndinanena zonse zimene ndinkadziwa za munthuyo ndi sukulu yake, mosabisa, kwa ola lathunthu. Ndinati mwanayo abwere adzakhale ndi ine, abwereze sitandade 8 m'kalasi mwanga, ayesenso mwayi. Achemwali ankagwedeza mutu kuvomereza. Alamu anamvetsera mpaka kumapeto osandidula, nkundithokoza chifukwa cha malangizo.

"Koma mlamu," anatero akupukuta girisi m'manja, "munthu uja Chingerezi amachidziwa. Analakwitsa kamodzi kokha."

Lolemba mwanayo anatsika pikapu pa Nathenje atavala siketi yabuluu ya sukulu ya Apulofesa. Ankagona kunyumba kwanga, poti ku Mitundu kunali kutali. Akaweruka ndinkamukhazika pakhonde nkumuwerengetsa nyuzipepala mokweza, ndime imodzi patsiku, iye akudandaula kuti Chingerezi cha m'nyuzipepala nchophweka kwambiri, si chimene amaphunzira kusukulu. Tinachita zimenezi zaka ziwiri, ndipo mayeso a fomu 2 anakhoza.